Makhadi a mafuno abwino opangidwa ndi manja a agogo: mafunso ndi mayankho

Gulu la anthu achikulire likamakumana sabata ndi sabata, kaya ndi patchalitchi, pamzikiti, m'holo ya sukulu kapena pakhonde la amfumu, owatsogolera amasowa ntchito yamanja yosalira ndalama zambiri, yosatopetsa thupi, komanso yoti poweruka aliyense anyamule kanthu kooneka. Kupanga makhadi a mafuno abwino kumakwaniritsa zonse zitatuzi. Pepala lolimba, tizidutswa ta chitenje ta kwa telala, phala la ufa wa chinangwa ndi ola limodzi ndi theka n'zokwanira kuti agogo atulutse khadi la Khirisimasi, la Pasaka, la Eid kapena la Tsiku la Anakubala. Zofunika kusamala ndi ziwiri. Ntchitoyo ikonzedwe molingana ndi maso ndi manja a munthu wamkulu, ndipo khadilo lionetse nyengo yomwe iyeyo amaidziwa, ndi mawu omwe iyeyo wasankha.

Kodi mwambo wotumizirana makhadi udayamba liti?

Khadi la Khirisimasi loyamba kusindikizidwa ndi kugulitsidwa lidatuluka ku London m'chaka cha 1843. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu 1840, dziko la Britain lidali litatsitsa mtengo wotumizira kalata kufika pa peni imodzi, ndipo anthu adayamba kulemberana kwambiri. Henry Cole, yemwe pambuyo pake adadzakhala mkulu woyamba wa nyumba yoonetsera zaluso yomwe lero ikutchedwa Victoria and Albert Museum, adapempha katswiri wojambula, John Callcott Horsley, kuti amukonzere chithunzi chimodzi choti atumizire anzake onse. Adasindikiza makhadi 1,000, kenaka adawapaka utoto pamanja limodzilimodzi, ndipo ena adagulitsidwa pa shileni imodzi lililonse. Pakati pa khadilo padali banja la mibadwo itatu, agogo, makolo ndi zidzukulu, litazungulira tebulo. M'mbali mwake mudali anthu akudyetsa anjala ndi kuveka ausiwa.

Khadi lina lodziwika dziko lonse silidachokere kwa katswiri ayi. Loyamba la bungwe la UNICEF, la m'chaka cha 1949, lidali chithunzi chomwe mtsikana wa zaka 7 wa ku Czechoslovakia, Jitka Samková, adajambula pothokoza thandizo lomwe mudzi wake udalandira nkhondo yachiwiri itatha.

Kwa achikulire ambiri a ku Malawi, uthenga wa papepala si chinthu chachilendo. Adakula m'masiku omwe kalata ya wachibale wa ku migodi ya ku Joni kapena ku Salisbury inkafikira m'bokosi la kupositi la sukulu kapena la mishoni, n'kuwerengedwa pamaso pa banja lonse.

Masiku ano a WhatsApp, n'kuvutikiranji ndi pepala?

Uthenga wa pafoni umafika msanga, koma achikulire ambiri sautumiza okha. Foni imakhala ya mdzukulu, zilembo zake n'zazing'ono, ndipo nthawi zambiri agogo amangokhala olandira. Khadi limasintha zimenezi, chifukwa munthu amene kwa zaka zambiri wakhala akungopatsidwa zinthu amapeza kanthu kopatsa ena, kochokera m'manja mwake.

Palinso phindu la pathupi ndi m'maganizo. Kupinda, kung'amba, kumata ndi kudinda kumagwiritsa ntchito timinofu ta zala tomwe timafunikanso pomanga batani ndi pogwira supuni. Kusankha mtundu ndi kukumbukira dzina la wolandira kumadzutsa maganizo. Mu 2019, nthambi ya ku Ulaya ya bungwe la zaumoyo la WHO idatulutsa lipoti lomwe lidaunika kafukufuku woposa 3,000, ndipo lidapeza umboni woti kuchita nawo zaluso kumathandiza popewa matenda ndi posamalira odwala. Mu 2023 bungwe lomwelo lidakhazikitsa komiti yapadera yoona za vuto la kusungulumwa, poona kuti limawononga thanzi.

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti Malawi adali ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 5 mwa 100 aliwonse adali a zaka 60 kapena kuposerapo. Ambiri mwa iwo anzawo a msinkhu umodzi adatsogola, ana adapita kutauni. Tebulo lopangirapo makhadi limawapatsa chifukwa chovalira bwino, kutuluka m'nyumba ndi kukacheza.

Pamafunika pepala lotani, ndipo lidulidwe bwanji?

Pepala wamba losindikizira ku ofesi, lomwe pa paketi pake amalemba kuti 80 gsm, n'lopyapyala, moti likamatidwa guluu limakwinyika ndipo khadi siliima patebulo. Loyenera ndi la pakati pa 160 ndi 250 gsm. Pepala la manila lomwe aphunzitsi amalembapo matchati limagwira bwino ntchitoyi. Kumene ndalama zavuta, kalendala yakale ya pakhoma, chikuto cha faelo kapena katoni yopyapyala ya tiyi imalowa m'malo, bola mbali yolembedwayo imatidwe pepala loyera.

Masamu a kadulidwe ndi osavuta. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Likadulidwa pakati limatulutsa mapepala awiri a A5, ndipo lililonse likapindidwa limakhala khadi la masentimita 10.5 ndi 14.8, lokwana bwino mu envelopu ya C6. Pepala lalikulu la A1 limatulutsa makhadi otere 16. Kwa agogo omwe maso adayamba kuvuta kapena manja amanjenjemera, ndi bwino kupinda A4 yense kuti khadi likhale lalikulu kawiri. Envelopu yake ndi ya C5.

Wotsogolera adule ndi kukonza mzere wopindira tsiku la phunziro lisanafike. Amaika rula pakati pa pepala, n'kudutsitsa cholembera chotha inki motsatira rulayo, modinikiza pang'ono. Pepala lolimba likatero limapindika molunjika, losasweka, ngakhale m'manja mopanda mphamvu.

Pepala lopangidwa pamanja likupezekanso m'dziko muno. Ku Blantyre, bungwe la Paper Making Education Trust, lodziwika kuti PAMET, lidatchuka ndi mapepala ochokera ku mapepala otayidwa, makungwa a nthochi, ngakhalenso ndowe za njovu. Kachidutswa kakang'ono ka pepala lotere pamwamba pa manila kamakongoletsa khadi lonse.

Nanga guluu wabwino ndi uti?

Guluu woyera womatira matabwa, wosungunulidwa ndi madzi pang'ono, amamata nsalu, makungwa ndi pepala, ndipo akauma saoneka. Athiridwe pang'ono m'chivindikiro cha botolo, aliyense n'kumapaka ndi kaburashi kapena kamtengo kotafunidwa kunsonga. Kufinya botolo kumapweteka zala za nyamakazi, ndiponso guluu amatuluka wambiri.

Wotsika mtengo kuposa onse ndi wophika pakhomo. Supuni imodzi ya ufa wa chinangwa wosefa bwino, kapena wa tirigu, isakanizidwe ndi masupuni 5 kapena 6 a madzi ozizira, kenaka itakasidwe pamoto wochepa mpaka italimba ngati phala la mwana. Akatswiri okonza mabuku akale amagwiritsa ntchito phala la sitachi ya tirigu mpaka lero. Vuto lake n'lakuti limasasa pakatha masiku awiri kapena atatu, choncho liphikidwe m'mawa wa tsiku lomwelo. Lipakidwenso mopyapyala, chifukwa likachuluka limaitana chuku ndi mphemvu.

Guluu wouma m'kanthawi kochepa uja, womata ngakhale zala, asafike patebulo la achikulire. Chimodzimodzi wosungunula ndi magetsi, yemwe amawotcha khungu, ndi wa nsapato, yemwe fungo lake limapweteketsa mutu.

Pakhadi la Khirisimasi pajambulidwe chiyani, popeza kuno kulibe chipale chofewa?

Makhadi ambiri a m'sitolo amaonetsa Disembala wa ku Ulaya ndi ku America, wa madenga oyera ndi chipale, anthu ovala zikhoti, ndi mitengo yopanda masamba. Agogo a ku Dedza kapena ku Chikwawa alibe chokumbukira m'zithunzi zotere. Khirisimasi yawo imagwa m'dzinja. Mitambo imakhala yakuda, chimanga chili m'mawondo, mango akugwa okha, ngumbi zikutuluka madzulo, ndipo pamoto pali mpunga ndi nkhuku. M'matauni, mitengo ya flamboyant imakhala itangofiira kumene ndi maluwa. Wotsogolera akafunsa kuti, "Agogo, Khirisimasi ya pa utsikana wanu inkaoneka bwanji?" mayankho ake amakwana makhadi a gulu lonse: diresi latsopano, kwaya ya usiku, nyumba yozira mwatsopano ndi dothi la mitundumitundu, ng'oma za pabwalo.

Ngakhale duwa lofiira la poinsettia, lomwe kunja amalitenga kukhala chizindikiro cha Khirisimasi, kuno limafiira m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, chifukwa limasintha mtundu usiku ukatalika. Malo ake enieni ndi pakhadi la m'chisanu, mwina lokumbukira ufulu wa dziko pa 6 Julayi.

Nyengo iliyonse ili ndi zake. Pasaka amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, mvula ikusiya, dzungu ndi mtedza zikucha. Kamtanda koluka ndi tsamba la kanjedza la pa Lamulungu la Kanjedza, kakauma, kamamatika bwino pakhadi. Masika amabwera ndi makoko a chimanga, ngala za mpunga ndi chithunzi cha nkhokwe yodzaza, zoyenera khadi lothokoza amene adathandiza kukolola. Chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala, nkhalango za miombo zimaphuka masamba ofiira. Mu Okutobala, jakaranda amakuta misewu ya Blantyre, Zomba ndi Lilongwe ndi maluwa a pepo, nthawi yomweyo yomwe kuli masiku awiri ofunika: 1 Okutobala, tsiku lokumbukira anthu okalamba padziko lonse lomwe bungwe la United Nations lidakhazikitsa mu 1990, ndi 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala.

Ndi makhadi ati osavuta omwe gulu lingayambire?

Loyamba ndi la chitenje. Atelala amataya tizidutswa tambiri tsiku lililonse, ndipo ambiri amapereka ulere akapemphedwa. Nsalu isitidwe, ipakidwe guluu wosungunula kumbuyo kwake n'kuisiya iume. Ikatero imauma gwa, imadulika mosavuta ndipo siyoyoka m'mphepete. Timizere titatu totalika mosiyana, toimika pakhadi, ndi kalawi kachikasu pamwamba pa kalikonse, ndiye kuti makandulo atatu atheka. Kachidutswa kamakona atatu pamwamba pa kamakona anayi ndi nyumba ya udzu kapena khola la ku Betelehemu. Kachidutswa kobulungira kokhala ndi khosi ndi mtsuko. Mayi amene adasokapo zigamba moyo wake wonse amadziwa kale mitundu yogwirizana, safunika kuuzidwa.

Lachiwiri ndi la makungwa ouma a nthochi, luso lomwe alendo amalipeza m'misika ya ziboliboli. Thunthu limodzi limapereka makungwa oyera, ofiirira ndi oderapo. Asankhidwe ouma bwino, apukutidwe, apalidwe kumbuyo kuti apyapyale, kenaka asitidwe ndi simbi yofunda. Oderapo amakhala thupi la munthu kapena bwato, oyerawo amakhala denga, dengu kapena mwezi. Wothandiza angathe kuduliratu timitu, timanja ndi timadenga, agogo n'kumayala okha mmene akufunira.

Lachitatu silifuna sizasi n'komwe. Pakhadi pajambulidwe thunthu ndi nthambi ndi cholembera chakuda, kenaka agogo aviike nsonga ya chala mu utoto wamadzi n'kumadinda. Wa pepo umatulutsa jakaranda, wofiira flamboyant, wachikasu mtengo wa mango. Njirayi imakondweretsa kwambiri omwe manja amanjenjemera, chifukwa madontho omwazika ndiwo amapangitsa mtengo kuoneka weniweni.

Lachinayi ndi la chidindo cha mbatata. Mbatata ya kachewere idulidwe pakati, wothandiza aseme nyenyezi, mwezi kapena nsomba ya chambo, ndipo apukute madzi ake asanaiviike mu utoto. Chidindo chotere n'chachikulu, chimagwirika ndi dzanja lonse. Utoto wa m'sitolo ukasowa, tiyi wowiritsa kwambiri amapereka mtundu wofiirira, madzi a chidede wofiira, makala osinja wakuda, ndipo katondo wosefa, wosakaniza ndi guluu pang'ono, amamatirira papepala osayoyoka.

Masamba ndi maluwa aumitsidwe bwanji, ndipo pali zomera zoopsa?

Athyoledwe masana mame atauma, ayalidwe pakati pa nyuzipepala osagundana, ndipo pamwamba pasanjikizidwe thabwa ndi njerwa. Nyuzipepalayo isinthidwe kawiri kapena katatu m'sabata yoyamba. M'chilimwe amauma pakatha masabata awiri kapena atatu, koma m'dzinja amachedwa ndipo amachita chuku msanga. N'chifukwa chake zokongoletsera makhadi a Khirisimasi ziyenera kuumitsidwa mu Sepitembala ndi Okutobala. Maluwa a bougainvillea amasunga mtundu bwino, chimodzimodzi a cosmos omwe amamera m'mbali mwa misewu mvula ikamatha. Maluwa onenepa, amadzimadzi, amangoola.

Zomera zina zisalowe m'chipindamo. Njere za nsatsi n'zokongola koma zili ndi poizoni woopsa munthu akazitafuna. Utomoni wa nkhadze umawononga maso, ndipo wa poinsettia umayabwa pakhungu, kotero duwa limeneli lingojambulidwa kapena kudulidwa pansalu yofiira. Njere za chimanga, nyemba ndi mpunga zimakopa anankafumbwe, ndiponso maiko ambiri salola mbewu kulowa kudzera m'makalata popanda chilolezo. Khadi lopita kunja likhale la nsalu, pepala ndi utoto basi.

Nanga agogo omwe saona bwino kapena ali ndi nyamakazi?

Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kulephera kuona zinthu zapafupi, ndipo pa zaka 60 limafuna kuwala kochuluka pafupifupi katatu kuposa la wa zaka 20. Choncho phunziro lichitike m'mawa, pakhonde kapena pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera kumbali, osati kutsogolo kwa nkhope. Ukalamba ndi ng'ala zimachititsanso kuti mitundu ya buluu, yobiriwira ndi ya pepo izioneka yofanana, pamene yofiira, yachikasu ndi ya lalanje imaonekabe bwino. Khadi loyera likaikidwa patebulo loyera m'mphepete mwake simuoneka, kotero pansi pake payalidwe nsalu yakuda. Mizere yotsatira podula ilembedwe ndi cholembera chonenepa chakuda, osati pensulo. Wotsogolera akaona kuti wina akuyandikitsa pepala kumphuno kapena akudandaula za nkhungu m'maso, amulimbikitse kukapimitsa, popeza ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni ndipo magalasi owerengera amathandiza ambiri.

Kwa a nyamakazi, chogwirira chikhale chonenepa. Cholembera kapena kaburashi kakulungidwe ndi kansalu kapena mphira wa chubu cha njinga mpaka kukwana bwino m'dzanja. Kung'amba pepala m'malo modula kumachepetsa ululu, ndipo m'mphepete mong'ambika mumaoneka bwino pa zithunzi za mapiri ndi mitambo. Kuviika manja m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo asanayambe kumafewetsa mfundo za zala.

Amene adadwala sitiroko n'kutsala ndi dzanja limodzi logwira ntchito amatha kupanga khadi lonse ngati pepala lapanidwa patebulo ndi selotepi kapena zopanira zovala. Malezala ndi mipeni zikhale m'manja mwa wothandiza yekha, makamaka chifukwa bala la munthu wa matenda a shuga limachedwa kupola.

Omwe ali ndi matenda oiwalaiwala angachite nawo?

Angathe, ndipo kawirikawiri ndiwo amapindula kwambiri, chifukwa manja amakumbukira ntchito yomwe adaizolowera ngakhale maina atayamba kuthawa. Chofunika n'kuwapatsa chochita chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kuwaonetsa m'malo mongowauza. Patebulo pasadzaze zinthu. Funso loti "Mukufuna kofiira kapena kachikasu?" limayankhika, koma mulu wa nsalu makumi awiri umangowasokoneza. Mikanda, mabatani ndi chilichonse chomezeka zichotsedwe, ndipo guluu wa chinangwa ndiye woyenera chifukwa savulaza atalawidwa. Mafunso oyesa, monga akuti "Mukundikumbuka?", amangodzetsa manyazi. Akatopa pakatha mphindi 20, apume.

Nkhaniyi ili ndi kulemera kwake m'Malawi, momwe okalamba osokonezeka maganizo akhala akunamiziridwa ufiti, ena mpaka kumenyedwa ndi kuphedwa. Mabungwe monga Malawi Network of Older Persons' Organisations, MANEPO, akhala akulimbana ndi mchitidwewu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba. Gulu lopanga makhadi silingalowe m'malo mwa lamulo, koma limapereka mpata woti achinyamata othandiza akhale pafupi ndi agogo otere, aphunzire kuti kuiwala ndi kuyankhula zosalumikizika ndi matenda a ubongo, ndipo akafotokozere anzawo.

Mawu a m'kati alembedwe bwanji ngati agogo sadziwa kulemba?

Mawuwo akhale a mwini khadi. Wothandiza afunse kuti, "Amayi, khadili likupita kwa yani, ndipo mukufuna amve zotani?" kenaka alembe ndendende zomwe zanenedwa, m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chilhomwe kapena m'Chisena, osazisandutsa chilankhulo cha m'buku. Mdzukulu akawerenga kuti "Uzivala juzi kumeneko, ndamva kuti kukuzizira" amamva liwu la agogo ake, zomwe sangazipeze m'ndakatulo yosindikizidwa kufakitale. Akamaliza kulemba awerenge mokweza kuti mwiniwake avomereze.

Posaina, amene amatha kulemba dzina lake alembe yekha, ngakhale litapendama. Amene satha adinde chala ndi utoto, wothandiza alembe dzina ndi chaka pansi pake. Omwe akuphunzira kusukulu ya kwacha amapeza apa malo abwino oyeserera. Mawu a pachikuto, monga "Khirisimasi yabwino", "Chaka chatsopano chopambana" kapena "Zikomo amayi", angasindikizidwe pakompyuta ndi zilembo za saizi 18 kapena kuposerapo, n'kudulidwa timizere toti aliyense asankhe ndi kumata.

Kodi akuluakulu saona ntchitoyi kukhala yachibwana? Nanga abambo amabwera?

Amaiona yachibwana ikaphunzitsidwa mwachibwana. Munthu wa zaka 75 yemwe adalera ana, adaluka mikeka ndi kuweruza milandu sayenera kuombedwera m'manja chifukwa wamata kapepala. Aitanidwe mwaulemu, agogo, amayi, abambo, kapena ndi mfunda wawo, aPhiri, aNabanda, aNgozo. Wothandiza asalande khadi kuti awongole chomwe chapendama, ndipo asakhudze ntchito ya munthu asanapemphe. Pakhale zitsanzo zitatu kapena zinayi zosiyana, kuti pasaoneke kuti pali khadi limodzi lolondola lomwe onse ayenera kukopera.

Luso lomwe ali nalo kale lilowe m'ntchitoyi. Oluka malichero ndi nsengwa amatha kuluka timizere ta pepala kapena ta mlaza m'mapatani omwewo. Osoka angaboole khadi ndi singano yaikulu n'kupeta nyenyezi ndi ulusi. Abambo omwe adali akalipentala, akalaliki kapena aphunzitsi amakonda kuyeza, kudula, kusema zidindo, kupinda maenvelopu a makalendala akale ndi kulemba maadiresi, ndipo akayamba ndi zimenezi amafika popanga makhadi awoawo a mabwato, ng'ombe ndi njinga.

Gulu likakhala la zipembedzo zosiyana, zimatheka bwanji?

Wotsogolera afunse, asaganizire. Asilamu, omwe ndi ochuluka m'maboma monga Mangochi ndi Machinga, angakonde khadi la Eid lokhala ndi mwezi, nyenyezi, maluwa ndi mapatani, lopanda zithunzi za anthu. Tsiku la Eid limabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, kotero liyang'anidwe pakalendala ya chakacho. A Mboni za Yehova sakondwerera Khirisimasi, koma angapange khadi lothokoza, lopepesa odwala kapena loyamikira ukwati. Tsiku limodzi, patebulo limodzi, pangatuluke makhadi a mitundu yonseyi ndi zipangizo zomwezo.

Makhadiwa angagulitsidwe? Nanga amafika bwanji kwa eni ake?

Khadi loyamba la munthu aliyense likhale lake, lopatsa amene wamusankha. Malonda abwere pambuyo, gulu likagwirizana. Msika ulipo pakhomo la tchalitchi, pa zionetsero za sukulu, m'maofesi ndi m'malo ogona alendo a kunyanja monga Cape Maclear ndi Nkhata Bay. Mtengo uwerengedwe pophatikiza pepala, guluu, envelopu ndi nthawi ya wopanga. Ndalama zilembedwe m'kope pamaso pa onse, gawo lina ligulire zipangizo, lina lipite kwa wopanga kapena ku banki m'khonde ya gululo. Dzina la wopanga lilembedwe kumbuyo pokhapokha iye atalola. Chiwerengero cha makhadi chisaikidwe mokakamiza, chifukwa oda yaikulu ya masiku ochepa imasandutsa macheza kukhala ganyu.

Lopita kudzera ku positi likhale lafulati, lopanda mabatani ndi mikanda yong'amba envelopu, ndipo la kunja litumizidwe Novembala asanathe. Ambiri amapatsira wachibale wokwera basi ya ku Johannesburg kapena ku Lusaka. Ngati khadi lingachedwe, mdzukulu alijambule ndi foni n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp, lenilenilo lizitsatira.

Tsiku la phunziro liyende bwanji, ndipo kukonzekera kuyambe liti?

Ola limodzi ndi theka ndi lokwanira, kuyambira cha m'ma 9 koloko m'mawa. Mphindi 15 zoyambirira zikhale za malonje ndi kukambirana za nyengoyo, chifukwa m'macheza amenewa ndimo mumachokera zojambula. Mphindi 10 zotsatira wotsogolera aonetse kapangidwe pang'onopang'ono, ndi zipangizo zikuluzikulu zoti wa kumbuyo aone. Ntchito yeniyeni itenge mphindi 45, ndi kapumulo ka tiyi pakati, komwe kamathandizanso a matenda a shuga. Zotsalazo ndi zolemba mawu ndi kuonetsana. Wothandiza mmodzi asapitirire agogo atatu kapena anayi. Mipando ikhale yotsamira, njira yopita kuchimbudzi ikhale yopanda zopunthwitsa, ndipo amene amakonda kukhala pamphasa apatsidwe thabwa losalala loika pamiyendo.

Zipangizo za munthu aliyense ziikidwe m'mbale yakeyake: khadi lopinda kale, tizidutswa tosaposa khumi, chivindikiro cha guluu, kaburashi ndi kansalu konyowa kopukutira zala.

Gulu lofuna makhadi a Khirisimasi litole tizidutswa ta chitenje ndi makungwa a nthochi mu Sepitembala, liumitse maluwa mu Okutobala, ndipo lipange makhadiwo m'masabata atatu oyambirira a Novembala. Khadi lomatidwa kumene ligone usiku umodzi pakati pa mapepala oyera, pansi pa chinthu cholemera, kuti lisapindike. Likauma lisungidwe m'chitini chotseka bwino, pamalo okwera, kutali ndi chinyontho ndi chiswe. Tizidutswa totsala tisankhidwe potengera mtundu n'kusungidwa m'timatumba, chifukwa tofiira ndi tobiriwira tidzafunikanso pa 6 Julayi, ndipo toyera ndi tachikasu pa Pasaka.